Ndatopa ndi za kutchalitchi koma Yesu sindinamusiye: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene anakulira mu mpingo, anaimbapo kwaya, ena anatsogolerapo achinyamata, koma lero Lamulungu likamayandikira mtima umalemera. Mayankho tawatenga m'Baibulo ndi m'zimene zikuchitika m'mipingo ya kuno kwathu. Sitikukopera munthu ku mpingo uliwonse.

Kutchalitchi kwandikwana. Kodi ndiye kuti ndabwerera m'mbuyo?

Si nthawi zonse. Pali kutopa ndi Mulungu, pali kutopa ndi anthu, palinso kutopa ndi mapulogalamu, ndipo zitatuzi timazisakaniza. Munthu amene Lolemba ali kukomiti, Lachitatu kumapemphero a m'dera, Lachisanu kuchezera usiku wonse, Loweruka kukwaya ndi kukolopa, Lamulungu kuyambira 7 koloko mpaka 2 koloko masana, akatopa si satana ayi, ndi thupi. Ameneyo atule maudindo awiri, agone.

Tengani pepala mulembe zimene zikukunyansani, chimodzichimodzi. Pa chilichonse mudzifunse ngati anachilamula ndi Yesu kapena tinachiyambitsa ndife. Ambiri amapeza kuti pepala ladzaza ndi kupempha ndalama kosatha, kukondera olemera, miseche ya m'makomiti ndi atsogoleri osafunsika. Zoterezi zinanyansanso aneneri. Pa Amosi 5:21-24 Mulungu akukana maphwando ndi nyimbo za anthu opondereza osauka, ndipo pa Marko 11:15-17 Yesu anagubuduza matebulo a osintha ndalama m'Kachisi. Komabe tisanamizane: alipo ena amene amati mpingo waola pamene vuto n'lakuti anadzudzulidwa pa chibwenzi cha mseri. Pepala lija limaululanso zimenezo, ngati mwalemba moona.

Kodi kale mipingo sinali chonchi? Zinasokonekera pati?

Kale nakonso kunali zake. Amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889 anamanga sukulu ndi zipatala, koma anachedwa kukhulupirira munthu wakuda pa udindo. Ku Livingstonia abusa oyamba achikuda anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40. Ngakhale zinali choncho, mpingo unali ndi mbiri yoyankhulira anthu. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a sukulu ndi zipatala komanso kutseka anthu pakamwa, nthawi imene kutsutsa boma la Kamuzu kunali kuika moyo pachiswe. Chaka chotsatira kunachitika riferendamu. Mpaka lero zipatala za mipingo, za pansi pa bungwe la CHAM, zikuthandiza anthu ambiri akumidzi.

Pambuyo pa 1994 kuyambitsa mpingo kunaphweka, mawayilesi anachuluka, kenako madishi anabweretsa m'nyumba zathu aneneri a ku Nigeria ndi ku South Africa. Panabadwa mipingo ya munthu mmodzi, yoyambira m'kalasi ya sukulu, imene woyambitsa ndiye m'busa, ndiye msungichuma, ndiyenso woweruza milandu, popanda wina pamwamba pake. Si mipingo yatsopano yonse ili choncho, ndipo yakale nayo isadziyeretse. Poona anthu akuthawa inatengerako: pepa sande mwezi ndi mwezi, mlendo wolemekezeka akhale wandale wa envulopu yonenepa. Mkangano wa malire pakati pa sinodi ya Nkhoma ndi ya Livingstonia unatenga zaka zambiri, abale a mpingo umodzi wa CCAP akulimbirana madera.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu. M'dziko lomwelo ndi mmene munachitika Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma, mu 2013, mmenenso mankhwala amasowa kuchipatala cha boma n'kupezeka pamsika. Chimene chimawawa anthu oganiza n'chimenecho.

Kodi ndikapanda kupereka chakhumi ndine wotembereredwa?

Werengani malamulo a chakhumi onse, osati Malaki 3:10 yekha. Pa Numeri 18:21-24 chakhumi chinkapita kwa Alevi chifukwa iwo sanalandire malo olima. Pa Deuteronomo 14:22-27 mwini chakhumi ankachidya yekha ndi banja lake pamaso pa Mulungu. Pa ndime 28 ndi 29, chaka chachitatu chilichonse chinkasungidwa m'mudzi kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mayi wamasiye. Ndime ziwiri zomalizazi sizilalikidwa kawirikawiri. Malaki yemweyo, asanafike pa chakhumi, m'mutu 1 ndi 2 wayamba wakalipira ansembe.

M'Chipangano Chatsopano muyezo wake ndi uwu: aliyense apereke mogwirizana ndi mmene wapezera (1 Akorinto 16:2), monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa (2 Akorinto 9:7), ndipo cholinga si chakuti ena apepukidwe inu mutsale pamavuto (2 Akorinto 8:12-13). Chopereka chimene Paulo ankasonkhetsa pamenepo chinali cha osauka a ku Yerusalemu. Mipingo imasiyana pa nkhaniyi, ina imati gawo lakhumi likugwirabe ntchito, ndipo munthu wopereka mwa ufulu wake akuchita bwino. M'busa nayenso ayenera kudya, 1 Akorinto 9:14 ikutero, ndipo abusa ambiri akumidzi amayenda pa njinga yakapalasa miyezi osalandira kanthu. Chimene tikukana ndi chiopsezo.

Osakongola kuti mupereke. Osatenga ya fizi, ya lendi kapena ya mankhwala a mayi anu. Pa Marko 7:9-13 Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo awo thandizo ponena kuti chumacho anachipereka kale kwa Mulungu. Alaliki amakonda nkhani ya mayi wamasiye woponya timakobiri tiwiri (Marko 12:41-44), koma yambirani pa ndime 40, pamene Yesu wangotchula kumene atsogoleri odya nyumba za amayi amasiye.

Nanga kubzala mbewu, mafuta odzozera, madzi, zomata pagalimoto ndi kulipira kuti muonane ndi mneneri?

Onani mmene zimayendera. Ulaliki wafika pachimake, wa kiyibodi watsitsa nyimbo, mlaliki akuti Mzimu wamuonetsa anthu khumi amene abzale K100,000 lero lomwe. Aimirira atatu, anthu akuwomba m'manja. Atsitsa pa K50,000, kenako K20,000, mpaka K2,000, kufikira wotsala pampando aoneke ngati wosakhulupirira. Wina akutumiza pa Airtel Money ali chiimire, wina akulemba lonjezo la ndalama imene alibe. Lolemba apita kwa wakatapila. Akatenga K50,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi, mwezi ukatha ngongole ili pa K75,000, akalephera wotsatirawo ifika K112,500.

Zimaoneka ngati zikugwira ntchito chifukwa pa anthu 500 obzala sipalephera ochepa amene apeze ntchito kapena banja mwezi womwewo, monga zikanachitikira ngakhale osabzala. Amenewo ndi amene amapatsidwa maikolofoni. Otsalawo amauzidwa kuti chikhulupiriro chinachepa, kapena mbewu inali yaing'ono. Njira yotere singalephere kumbali ya wolandira.

Mbewu ya m'fanizo la wofesa ndi mawu a Mulungu (Luka 8:11). Simoni atafuna kugula mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo (Machitidwe 8:18-20). Elisa anakana mphatso za Naamani, Gehazi amene anazithamangira anatenga khate (2 Mafumu 5). Mafuta a pa Yakobo 5:14 amabwera ndi akulu a mpingo kwa wodwala, alibe mtengo, alibenso chithunzi cha munthu pabotolo.

Ndingadziwe bwanji mneneri woona?

Baibulo lili ndi miyezo itatu. Chimene wanena chichitike (Deuteronomo 18:22). Ngakhale chitachitika, asakupatutseni kwa Mulungu (Deuteronomo 13:1-3). Ndipo muone zipatso za moyo wake, chifukwa pa Mateyu 7:21-23 pali anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda koma Yesu akuti sanawadziwe. Pa 1 Akorinto 14:29 uneneri umayesedwa ndi ena. Mneneri wokana kuyesedwa walephera kale.

Kutchula dzina lanu, mudzi wanu kapena nambala ya foni si umboni. Zimenezo zimapezeka pa fomu imene munalemba pakhomo, kwa othandizira amene anacheza nanu pamzere, kwa amene anakuitanani, kapena pa Facebook. Mawu ngati akuti pali wina kwanu sakukufunirani zabwino amakwana aliyense. Lembani uneneri ndi tsiku lake, mudzauwerenge pakatha chaka. Ochepa amachita zimenezi, n'chifukwa chake wonenera zolakwika pa chisankho amapitirizabe ngati palibe chachitika.

Woopsa kwambiri ndi uneneri woloza munthu. Akakuuzani kuti amene anamanga mimba yanu kapena ntchito yanu ndi agogo anu, dziwani kuti mawu oterewa amapha. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa atanenedwa za ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo silipatula wonenayo chifukwa wanyamula Baibulo.

Amati “musakhudze wodzozedwa wanga”. Kodi kufunsa m'busa ndi tchimo?

Ayi. Pa Masalimo 105:12-15 mawuwo akunena za makolo a Aisraeli, ali ochepa m'dziko lachilendo, ndipo ochenjezedwa ndi mafumu kuti asawachite chipongwe. Davide, wodzozedwa weniweni, anadzudzulidwa ndi Natani (2 Samueli 12). Paulo anatsutsa Petro pamaso pa anthu (Agalatiya 2:11-14).

Njira yake ilipo. Nkhani ya pakati pa inu awiri, yambani mwakumana naye nokha, kenako ndi mboni imodzi kapena ziwiri, kenako mpingo (Mateyu 18:15-17). Mlandu wa mkulu umafuna mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo akapezeka wolakwa adzudzulidwe poyera (1 Timoteo 5:19-20). Lembani kalata, sungani ina yanu, ipite kubwalo la akulu, ikakanika ku presibitale, kwa bambo mfumu kapena kwa bishopu, malinga ndi mpingo wanu. Kulalata pa gulu la WhatsApp kumangopereka mpata woti nkhani isanduke ya mwano wanu.

Kugwirira, kugona ndi mwana, kumenya ndi kuba si nkhani zokambirana m'vesitile. Pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo za ana imbani 116. Mpingo ukamati tisachititse manyazi dzina la Ambuye, kawirikawiri ukutchinjiriza dzina la munthu. Kumusamutsira kudera lina ndi kumupatsa ana ena.

Andiuza kuti ndachira, ndisiye mankhwala monga chizindikiro cha chikhulupiriro.

Musasiye. Mukasiya ma ARV kachilombo kamayambanso kuchulukana m'milungu yochepa, chitetezo chimatsika, chifuwa chachikulu ndi matenda ena amalowa, ndipo kumwa modumphadumpha kungachititse kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito m'thupi mwanu. Zotsatira zonena kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi zikutanthauza kuti mankhwala akugwira, osati kuti katha. Wa BP akasiya akhoza kufa ziwalo, wa khunyu akhoza kugwera pamoto kapena m'madzi, ndipo wa shuga wobaya jakisoni asasale kudya asanafunse dokotala.

Yesu atachiritsa wakhate anamutumiza kwa wansembe kuti akamuone (Marko 1:44), amene anali woyeza matendawo pa nthawiyo. Luka anali dokotala (Akolose 4:14). Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), ndipo iye mwini anapempha katatu osachotseredwa munga wake (2 Akorinto 12:7-9). Kumene kumvera kopanda mafunso kumafikitsa kunaoneka ku Limpopo ku South Africa mu 2016, m'busa akupopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso, ndi ku Shakahola ku Kenya mu 2023, kumene anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu ouzidwa kusala kudya mpaka kufa.

N'chifukwa chiyani mtsikana wotenga mimba amadulidwa, bwana wakuba n'kumakhala mpando wakutsogolo?

Mimba imaoneka, ziphuphu sizioneka, ndipo bwanayo ndi amene anagula malata a tchalitchi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yakobo 2:1-4 anaziona kale: wa mphete yagolide pampando wabwino, wosauka aime uko. Chilango cha mpingo chilipo m'Baibulo, cholinga chake ndi kubweza munthu (Agalatiya 6:1), koma chikamagwera mtsikana yekha, wopereka mimbayo akuimbabe kwaya, chasanduka tsankho. Ngati muli m'bwalo la akulu, funsani funso limodzi lokha: mwamunayo ali kuti?

Tsono kutsatira Yesu kwenikweni n'kutani?

Poyambira ndi chisomo. Simugula chikhululukiro, kaya ndi ndalama, kaya ndi masiku a kuphiri, kaya ndi yunifomu (Aefeso 2:8-10). Koma ndime yomweyo ikuti tinalengedwera ntchito zabwino, ndipo Baibulo silibisa kuti ntchitozo ndi ziti. Mika 6:8 akutchula chilungamo, chifundo ndi kuyenda modzichepetsa ndi Mulungu. Yakobo 1:27 akutchula ana amasiye ndi amayi amasiye. Pa Mateyu 25:31-46 mafunso ndi a njala, ludzu, mlendo, usiwa, matenda ndi ndende. Anthu atafunsa Yohane M'batizi chochita, okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse mopyola, asilikali kuti asalande ndipo akhutire ndi malipiro awo (Luka 3:10-14). Sanawauze kuti achulukitse misonkhano.

Kwathu kuno zimenezi zili ndi maina. Ngati mumagula soya, mtedza kapena chimanga kwa alimi, sikelo yanu inene zoona. Thumba la makilogalamu 50 lisawerenge 46 (Levitiko 19:35-36). Ngati muli ndi wantchito wapakhomo kapena mlonda, alandire pa tsiku lake, musanatumize chopereka, chifukwa malipiro obedwa amafuula (Yakobo 5:4). Ngati muli muofesi, musasainire alawansi ya msonkhano umene simunapiteko, ndipo fayilo ya munthu iyende popanda ya fanta. Mbale wanu akamwalira, firiji, malata ndi munda zisiyireni mkazi wake ndi ana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda ndi mlandu, koma Mkhristu sanayenera kudikira lamulo. Ngati munadya za wina, bwezani monga Zakeyu (Luka 19:8). Kulapa kopanda kubweza n'kumene kwatichulukira.

Pa za chifundo, sankhani chimodzi chimene mungachikwanitse mwezi ndi mwezi kusiyana ndi chachikulu cha pa Khirisimasi pokha. Kuwodi kuli odwala opanda owadikirira, amene akusowa wowatengera phala ndi wowachapira nsalu. Ku Maula, ku Chichiri ndi ku Zomba kuli akaidi amene sanaonepo mlendo. Sopo ndi kucheza zimakwana. Pamudzi pali gogo amene denga lake likudontha mvula isanayambe n'komwe. Musajambule. Mateyu 6:1-4 ndi yomveka pa zimenezo, ngakhale masiku ano thumba la ufa limafika ndi anthu asanu ogwira mafoni.

Baibulo muziwerenga nokha. Marko ali ndi mitu 16, mutu umodzi patsiku mutha m'masiku 16; Yakobo ali ndi 5. Buku Lopatulika la 1922 lili ndi Chinyanja chakale chimene ena chimawavuta, Buku Loyera la 1998 ndi losavuta kumva. Mlaliki akatchula ndime, kawerengeni mutu wonse kunyumba, monga ankachitira a ku Bereya (Machitidwe 17:11). Ziphunzitso zambiri zopotoka zimagwa mukangowerenga ndime zisanu zam'mbuyo ndi zisanu zakutsogolo. Pemphero limene Yesu anaphunzitsa ndi lalifupi, lopempherera m'chipinda, ndipo pakati pake pali kukhululukira amene anakulakwirani, kuphatikizapo a kutchalitchi aja. Kukhululuka sikutanthauza kuwabwezera makiyi a ndalama. Pomaliza pali mtanda (Luka 9:23): wokana ziphuphu akhoza kusakwezedwa pantchito zaka zambiri, ndipo palibe ndime yolonjeza kuti zidzasintha chaka chino.

Ndingakhale Mkhristu osapita kutchalitchi?

Kupuma miyezi ingapo mutapwetekedwa si tchimo. Kukhala nokha mpaka kalekale n'kumene kumavuta, chifukwa ubatizo, mgonero, kulangizana ndi kunyamulirana zothodwetsa zimafuna anthu ena (Ahebri 10:24-25). Ulaliki wa pafoni sudzabwera kudzakuonani mukagonekedwa. Nthawi zambiri mpingo weniweni umapezeka pansi, osati paguwa: kumphakati, kwa amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika amene amafika pamaliro ndi nkhuni ndi ufa. Yambirani pamenepo, ngakhale ndi anthu asanu.

Ndikafuna kukhalabe, kapena kusankha mpingo wina, ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi ndalama, chifukwa ndi pamene zambiri zimaululika. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu osachepera awiri osakhala pachibale, asaine, chipite kubanki ku akaunti ya mpingo osati nambala ya foni ya m'busa. Osainira akhale atatu, ndipo m'busa ndi mkazi wake asakhale awiri mwa iwo. Lipoti liwerengedwe poyera, lotchula zolowa ndi zotuluka, ndipo muone ngati muli mzere wa osauka ndi odwala. Paulo mwini ankayenda ndi anthu osankhidwa ndi mipingo ponyamula chopereka kuti pasakhale chomunenera (2 Akorinto 8:18-21).

Kenako funsani amene angachotse mtsogoleri akalakwa. Ngati yankho n'lakuti Mulungu yekha, samalani. Mvetserani maulaliki anayi otsatizana muone ngati akutsegula Baibulo mwandondomeko kapena onse akuthera pa envulopu ndi adani. Onaninso mmene amanenera za anthu amene anachoka.

Ndikachoka, adzandiimbira ndani pamaliro? Nanga temberero limene akundiopseza nalo?

Mantha a maliro ndi amene amasunga anthu ambiri, ndipo si opanda pake. Zimachitika kuti thupi lili m'nyumba, azimayi akulira, akulu a mpingo ali pansi pa mtengo kutsegula kaundula kuona ngati malemu ankapereka, achibale n'kumasonkherana kuti alipire zotsalira nyimbo zisanayambe. Mpingo uli ndi ufulu wosunga malamulo a umembala, koma kulipiritsa anamfedwa pa tsiku lotere n'kulakwa. Mwambo wa maliro umatonthoza otsala. Sutsegula kapena kutseka kumwamba. Wachifwamba wa pa Luka 23:39-43 analibe khadi.

Pochoka musazembe. Tulani maudindo, perekani mabuku, makiyi ndi ndalama za gulu pamaso pa mboni, musainirane. Ngati mukupita ku mpingo wina wa chipembedzo chomwecho, pemphani kalata yosamukira. Ngati ndi wa chipembedzo china, sungani chikalata chanu cha ubatizo ndi cha ukwati, mukalembetse kumene mwapitako kuti banja lanu lidziwe kokagogoda zikadzachitika. Auzeni akunyumba maso ndi maso asanamve kwa ena. Ngati mkazi kapena mwamuna wanu akufuna kutsala, musamukakamize.

Za temberero, Miyambo 26:2 imati temberero lopanda chifukwa silifika. Chimene chimachitika n'chakuti mukachoka, tayala likaphulika kapena mwana akadwala malungo, mtima umathamangira ku mawu aja, pamene zoterezi zinkachitikanso muli komweko. Mauthenga oopseza musawayankhe, koma musawafufute. Akafika poopseza moyo wanu kapena kuulula zimene munawauza mwachinsinsi pa uphungu, tengani foniyo mupite nayo kupolisi.